Thadzi la Webster

Nyimbo inali isanafike ndi pakati pomwe pamene Justina anamva makina akulira kuchipinda cha kuseri. Kanali kamawu kochepa, pii, nkuduka, piinso, nkudukanso. Amayi a kutchalitchi amene anadzaza pabalaza sanakamve, anangopitiriza kuimba mitu ili pansi. Koma iye anali atakhala nawo makinawo zaka zingapo, ndipo ankadziwa kuti kalilidwe aka si kabwino.

Anali pa matiresi pakona, miyendo chotambalala, atafunda chitenje kumutu. Mwamuna wake, Webster Chisala, anali ku mochale. Minibasi inamuwomba Lachiwiri akuwoloka msewu waukulu wa ku Kanyama, thumba la chakudya cha nkhuku lili paphewa, ndipo anatsirizika asanafike naye kuchipatala.

Webster anali wokonza mawailesi ndi ma TV. Koma chaka chimenecho mvula inakana, madzi kudamu la Kariba anatsika, magetsi nkumangobwera ngati mlendo wodutsa. Ndani akanakonzetsa TV kuti azingoyang'ana galasi lakuda? Kantemba kake ka pamsika kanatsekedwa, uku ufa ukukwera mtengo sabata ndi sabata. Chimene chinkadyetsa banja tsopano chinali firiji yakufa imene anaitola kudzala zaka zapitazo. Anaikamo mathireyi a mazira, nyale zotenthetsera, kafani, mbale ya madzi ndi kamota kotembenuza mathireyiwo. Pachitseko anamangapo kabokosi kokhala ndi kagalasi ka manambala ndi mabatani awiri. M'kabokosimo munali kachipu kochepa ngati chikhadabo, ndipo pulogalamu yake analemba yekha. Anthu a m'komboni ankangoti thadzi la Webster. Anapiye ake Justina ankakagulitsa kumsika wa Soweto.

Anavundukula chitenje, nagwira khoma kuti adzuke. Dzanja lolimba linamugwira pamkono. Anali ba Hilda, azakhali ake a Webster, amene anabwera ndi abale ena pa kanta, lole yaing'ono, kuchokera ku Mufulira.

"Muyenda kuti, amake Emelda?"

"Nifuna kuona chabe mazira, amai."

"Mazira! Mwamuna ali mu mochale, imwe muganiza mazira? Kwathu mukamfwilwa sanyamuka pa mphasa mpaka mwamuna bamuika."

Justina ankadziwa kuti mawu a Chibembawo akunena iyeyo, namfedwa. Nyimbo inali itayamba kuzilala, amayi akusuzumirana.

"Yakazizila yonse yazafa," anatero motsitsa mawu.

"Nkhalani pansi. Banthu bazakamba chani?"

"Balekeni bakambe. Bakasiliza kukamba bazayenda ku manyumba yawo. Ine na bana tizasala pano."

Anachotsa dzanjalo pamkono pake mwaulemu, chala chimodzichimodzi, nadutsa pakati pa miyendo ya amayi aja. Palibe amene anamupatsa njira, ndipo palibe amene anamutsekera.

Kuchipinda cha kuseri kagalasi ka thadzi kankayaka, nkuzima, nkuyakanso. Magetsi anali atapita kuyambira m'mawa, monga mwa masiku onse. Anayang'ana pansi pa tebulo. Batire yaikulu imene inkayendetsa thadzi magetsi akapita panalibe, panangotsala kabatire ka njinga yamoto kamene Webster ankasungira pangozi.

Zimenezi anali ataziwonapo. Webster anamuuza kuti mphamvu ikachepa, kachipu kaja sikalimbikira kugwira ntchito ndi njala, chifukwa kangasokoneze masamu nkuwotcha mazira. Kamadzigoneka kokha, kudikira kuti mphamvu ikwane, kenaka nkuyambira poyambirira. Koma lero kamati kakadzuka nkuyatsa nyale zotenthetsera, nyalezo zinkayamwa kabatire kofooka kaja, iko nkugwanso. Kudzuka, kugwa, kudzuka, kugwa, uku mazira akuzizira.

Anatulukira khomo la kuseri ali chosavala nsapato.

Amuna anali pansi pa tenti pabwalo. Batire inali pansi pa benchi, ikuimbitsa sipika nyimbo za maliro, ndipo pambali pake panali mulu wa mafoni olumikizidwa ndi zingwe zopiringizana. Pabenchipo panakhala Jameson, mkulu wake wa Webster. Ndiye anamulera Webster bambo awo atamwalira, ndiyenso anamupititsa kusukulu ya ntchito zamanja. Kumgodi anali atamuchotsa ntchito chaka chatha, koma jekete la kampani ankavalabe.

Ataona mlamu wake panja, anaimirira.

"Mulamu, mwachoka bwanji mu nyumba?"

"Ba mulamu, iyi batili ni ya mazira."

"Banthu bachoka kutali, mafoni yawo yazima. Manje mufuna malilo yankhale zii monga tiika galu? Vonse vili pano ni va mufana wanga."

"Mufana wanu sanaigulile mafoni."

Justina anagwada, nakoka zomanira ziwiri za pa batire. Nyimbo inadukira pakati pa liwu. M'tenti munangoti zii. Batireyo inali yolemera, Webster yemwe ankainyamula akubuula, koma Justina anaikumbatira pamimba naimirira nayo. Anayenda pang'onopang'ono amuna onse akumuyang'ana. Pakhomo Norah, mnzake wa nyumba yoyandikana amene ankasunga ana ake masiku a malirowo, anathamangira kudzagwira mbali ina.

Atalumikiza, kagalasi kanayaka koma kanangouma. Manambala anali oduka mitu, osasuntha, fani ili chete.

"Chafa?" anafunsa Norah.

"Chakomoka chabe. Nipaseni mpeni na machisa."

Webster ankakonda kunena kuti m'kachipumo muli galu. Pulogalamu ikamayenda bwino imamusisita galuyo pafupipafupi, ndipo ikangokanirira penapake nkuleka kumusisita, galu amailuma kuti iyambirenso. Koma galuyo amamasulidwa ndi pulogalamu yomweyo ikadzuka, ndiye ikakomoka isanamumasule, palibe wouwa. Apo mpofunika munthu. Justina anamasula chivundikiro cha kabokosi kaja ndi nsonga ya mpeni. Pakona ya bolodi panali kabatani kakuda ngati njere ya mpiru, kolumikizidwa mwachindunji ku mwendo wa kachipu. Kameneka sikapempha chilolezo kwa pulogalamu, anatero Webster tsiku lina, kamangokadzutsa basi, ndipo sikafufuta kanthu. Oopsa ndi mabatani awiri a panja aja. Ukawapanikiza pamodzi kwa kanthawi, pulogalamu imafufuta masiku onse amene yawerenga nkudziyambitsanso, kuyesa kuti waika mazira atsopano.

Anadina ndi kamtengo ka machesi. Kagalasi kanada. Norah anagwira pakamwa. Kenaka manambala anabwerera athunthu, fani inayamba kupuma, nyale zinayaka. Tsiku la mazira pakagalasi linali lomwe lija la mmawa. Mazira anali m'masiku otsiriza, pamene mota imaleka kutembenuza ndipo mathireyi amagona chathyathyathya kudikira anapiye.

Justina anatsamira chipumi pachitseko cha firiji. Chinali chitayamba kufunda. Kuyambira Lachiwiri anali akulira monga anthu amayembekezera kuti namfedwa alire, mokweza, alendo akamalowa. Apa ndi pamene analira kulira kwake, mopanda mawu, Norah atagwira chitseko cha chipinda kuti wina asalowe.

Anaika maliro Loweruka kumanda a Chingwere, dzuwa likuswa mtengo, fumbi lofiira likulowa m'kamwa mwa oimba. Pobwerera, anthu atasamba m'manja pachipata, amayi anamutengera Justina kubafa kuti akamusambitse. Ali komweko ankamva mawu a Jameson akuthokoza anthu pabwalo, a mpingo, a pamsika, eni nyumba. Anamvanso thadzi likuitana, kulira kwake kwa madzi akatha m'mbale. Kumeneko sikunali koopsa, kukanadikira. Mawu a Jameson anaduka, ndipo patapita kanthawi kulirako kunaleka. Jameson anayambiranso kulankhula.

Justina akudutsa kuseri kwa nyumba, chitenje chili m'khwapa, madzi akudontha kumutu, anamva phokoso lina pawindo. Kanali kamota kakung'ung'uza.

Anakankha amayi amene anamugwira nathamanga.

Mathireyi anali atapendekeka. M'masiku otsirizawa Webster ankachotsa timipanda tolekanitsa mazira, ndiye onse anali atagubuduzikira mbali imodzi, kuunjikana, ena kuphwanyana, ena kugwera pansi m'mbale youma ija. Anazula chingwe cha mota, nabweza mathireyi ndi manja, nayala mazira mofulumira, nathira madzi ofunda, natseka chitseko. Kagalasi kankaonetsa tsiku loyamba.

Anamasula chivundikiro, nadina kabatani kakuda kaja. Kagalasi kanada, kanayaka: tsiku loyamba. Anadinanso. Tsiku loyamba. Chimene chafufutidwa kabataniko sikangachibweze, ndipo kubwezera masiku Webster ankachita ndi kompyuta yake, njira imene iye sanaiphunzire. Kuyambira apa thadzi lizisunga mazira ngati aikidwa lero. Chinyezi chofunika kuti zigoba zifewe anayenera kuchisamala yekha, ndi nsalu zonyowa ndi maso.

Mazira osweka anawaika m'beseni. Limodzi linali litang'ambika pakati. M'kati mwake munali mwanapiye wathunthu, nthenga zonyowa, mlomo, tizala tonse, khosi lopindika. Analinyamula m'manja awiri natuluka nalo.

Abale anali atasonkhana m'tenti, sutikesi ya zovala za Webster ili pakati. Anthu akunja anali atayamba kumwazikana, koma ataona namfedwa akubwera ndi tsitsi lonyowa, ambiri anaima.

"Nindani wagwila thadzi?"

Jameson anakweza mutu. "Ni ine. Chenze kupanga chongo pamene nenze kuyamika banthu. Nadina chabe kuti chinkhale zii."

Justina anawerama naika dzira lija pafumbi, patsogolo pa nsapato zake.

Jameson analiyang'ana nthawi yaitali. Akanakhala awiriwiri mwina akanapepesa, koma maso a amuna onse anali pa iye, ndipo awa anali amuna omwe aja anamuona akulandidwa batire.

"Ndiye chifukwa chake ichi chinthu chifunika mwamuna," anatero. "Takambilana kale. Mailo tichikweza pa kanta. Ba mayo ku Mufulira bali gone, badwala, balephela na kubwela kuika mwana wawo. Nabo bafunika kudya."

Nyumba inali ya lendi. Munda kunalibe, galimoto kunalibe. Chuma chonse cha Webster chinali firiji ija, ndipo aliyense m'tentimo ankadziwa.

"Ba mayo ni bamai banga na ine," anatero Justina. "Tunkhuku tukaswa nizabatumila, monga mwamene tenze kuchitila. Tengani vovala. Tengani wailesi, TV, masipanala yonse. Koma thadzi tinainyamula babili pa wilibala kuchoka ku vinyalala. Mawaya nenze kugwila ine, eve asodela. Siichoka pano."

Msuweni wina kumbuyo anang'ung'udza mokweza dala. "Mukazi wamene anyamuka pa malilo kuyenda kugwila mawaya, mwina aziba vamene vinapaya mwamuna."

Justina anatembenuka namuyang'ana m'maso. "Chinamupaya ni minibasi, masana, banthu bali kuona. Ngati muli na vina, imani muvikambe bwino bonse bamvele."

Msuweniyo anayamba kukanda nsapato pansi. Ba Hilda anawomba m'manja kamodzi.

"Mwana uyu alibe ulemu! Ngenani mu nyumba, munkhale pa malo yanu. Tikalibe kukumasulani."

"Nizankhala, amai."

Analowa. Amayi anamukonzera pakona paja, koma iye anagwira matiresi kunsonga, naikoka kudutsa pabalaza, kudutsa m'kanjira ka pakati, mpaka pakhomo la chipinda cha kuseri. Anaiyala chopingasa, nakhalapo, natambasula miyendo, nafunda chitenje kumutu. Ba Hilda atabwera kudzaona, anangoima atagwira m'chiuno.

"Mwati mukamfwilwa ankhale pa mphasa," anatero Justina m'kati mwa chitenje. "Nankhala."

Lamulungu mmawa kanta inali italiza kale injini pamsewu, akukwezamo zikwama ndi miphika. Justina anali asanachoke pakhomo paja, kupatula kulowa kukasintha nsalu zonyowa. Kutangocha anali atamva kamawu koyamba m'firiji, kosakhala ka makina. Pofika nthawi ya tchalitchi timawu tinali tambiri.

Jameson anabwera ndi asuweni awiri, mmodzi atanyamula chingwe. Kumbuyo kwawo kunabwera Norah ndi amayi atatu a m'komboni, amene anangoima m'kanjiramo atapinda manja ngati akudikira basi.

"Mulamu, chokani tipite."

"Ninyamuleni."

"Osanivuta. Motoka iyembekeza."

"Ndiye ninyamuleni, mukanikweze pamozi na thadzi. Kapena nijumpheni."

Asuweni aja anayang'anana. Mwambo umene anamukhazika nawo pansi ndi womwewo unkati namfedwa asanamasulidwe ali ndi mzimu wa mwamuna wake pathupi. Mwamuna wanzeru samukhudza, ndipo kumudumpha ndiye kuitana tsoka. Wa chingwe uja anachipinda bwinobwino, nati akukaona ngati katundu wamangidwa. Mnzake anamutsatira.

Jameson anatsala yekha. Pamwamba pa mutu wa Justina ankatha kuona kawindo kamene Webster anaboola pachitseko cha firiji. Kuseri kwa galasilo tinthu tachikasu tinkadzandira pakati pa zigoba. Mapewa ake anagwa.

"Nilibe nchito, mulamu," anatero, mawu atatsika. "Nizafika na chani kuli ba mayo? Sutikesi ya mabuluku?"

Justina anavundukula nkhope. Chifundo chinamugwira, koma mwendo sanaupinde.

"Tukakulako mubwele, nizakupasani twina mukayambe nato. Koma mukabwele monga mulendo. Mugogode."

Jameson anayang'ananso kawindo kaja, natembenuka, amayi aja nkumupatsa njira.

Kunja kutakhala bata, Justina analowa m'chipindamo ndi katoni yoyalamo nsanza. Anatsegula chitseko pang'ono nayamba kutola anapiye amene anali atauma, kuwaika m'katoni, Norah akufunditsa. Sanali ochuluka ngati masiku a Webster. Mazira ambiri anangokhala duu, ndipo iye ankadziwa kuti ena mwa iwo saswanso. Pakona ya thireyi panali kamwanapiye kamodzi kotuluka m'dzira limene linang'aluka dzulo. Kanali konyowabe, kogona chammbali, maso otseka, kakungotsegula mlomo popanda mawu. Anakaika padera pa nsanza.

"Aka sikazapona," anatero.

"Nipaseni."

Anali ba Hilda. Anali ataima pakhomo atavala kale za paulendo, chikwama chili m'khwapa, nkhope ili gwa ngati dzulo. Kaya anadzera kudzatsanzika, kapena kudzanena mawu otsiriza, Justina sanadziwe. Anaika chikwama pansi, nawerama, natola kamwanapiye kaja ndi zala ziwiri. Anakafumbata, nauzira mpweya wofunda m'chibakera, kawiri, katatu. Kenaka anamasula batani la bulauzi nakalowetsa pachifuwa, nagwirizira ndi dzanja.

"Webster ali mwaiche enze kuchita so," anatero, akuyang'ana kukhoma. "Nkhuku ikasiya kamwana kofooka, enze kukatola, kufaka mu shati, kuyenda nako ku sukulu. Kalila mu kilasi, ba ticha bamuchaya. Abwela ku nyumba shati yonse matuvi, ine namuchaya futi. Mailo yake wafaka kenangu."

Pamsewu kanta inaliza hutala. Inalizanso, motalika.

Ba Hilda anayang'ana matiresi ili pakhomo ija, nadzitsitsa pang'onopang'ono, mawondo akulira, nakhala kunsonga kwake, dzanja lili pachifuwa.

"Norah, kabauze bayembekeze," anatero. "Kakalibe kuuma."